Kalasi ya pansi pa mtengo: lipoti la nkhani ya tsankho pa sukulu ina ya pulaimale m'Chigwa cha Shire

Lipotili likunena za sukulu ina ya pulaimale ya m'boma la Chikwawa, chakum'mwera kufupi ndi malire a Nsanje, imene inalandira ana a mabanja osamutsidwa namondwe wa Freddy atasakaza mu Marichi 2023. Dzina la sukulu, la mudzi ndi la munthu aliyense tawasiya dala, poti anawo akadali pompo, ndipo aphunzitsi amene akukhudzidwa ndi omwewonso amene anagwira ntchito yokonza zinthu. Talembera alangizi a m'mazoni, akuluakulu a sukulu ndi makomiti amene sukulu zawo zili ndi ana a mitundu iwiri kapena itatu pa mpasa umodzi.

Pa sukuluyi panalibe mphunzitsi amene anaimirira n'kunena kuti ana achisena sakuwafuna. Mukanafunsa aliyense, akanalumbira kuti ana onse ndi amodzi. Koma tsankho linalipo, ndipo linali m'zinthu za tsiku ndi tsiku: yemwe wakhala m'chipinda ndi yemwe wakhala pansi pa mtengo, yemwe ali ndi buku, yemwe wabwezedwa kalasi, yemwe wafika pa mphika phala litatsala la m'mbali. Kumeneko n'kumene liyenera kufufuzidwa, ndipo n'komwenso limakonzedwa.

Anthu ake ndi mbiri yawo

Chigwa cha Shire ndi cha Amang'anja ndi Asena, pamodzi ndi ena amene anatsika kuchokera kumtunda kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo kapena kudzachita malonda pa Ngabu ndi pa Bangula. Amang'anja ndi akale kuno. Ufumu wa Lundu ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi umboni wake. Asena ambiri anachokera m'chigwa cha Zambezi, ndipo anabwera mwa magulu kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ena pothawa thangata la Apwitikizi ndi nkhondo ya Makombe ya mu 1917. Kenaka kunabwera nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inadzaza misasa ngati wa Mankhokwe ku Nsanje mpaka pangano la mtendere la ku Rome la mu 1992. Ambiri anabwerera kwawo, ena anakwatira ndi kukwatiwa konkuno. Choncho mawu akuti "obwera" m'chigwa muno ali ndi mbiri yaitali, ndipo amatha kugwera ngakhale munthu amene agogo a agogo ake anaikidwa m'manda a konkuno.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti Asena ndi pafupifupi 4 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, Amang'anja pafupifupi 3. M'dziko lonse ndi ochepa, koma ku Nsanje ndi kum'mwera kwa Chikwawa Chisena ndicho chimamveka pamjigo, pamsika ndi m'bwato. Sukulu yokha ndi imene sichilowa. Chichewa chinakhazikitsidwa ngati chilankhulo cha dziko mu 1968. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chisena sanafike m'makalasi. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene inayamba m'dziko lonse mu 2016 ili ndi mabuku a Chichewa ndi Chingerezi basi. Mwana wachimang'anja amalowa m'kalasi n'kupeza chilankhulo choyandikana kwambiri ndi cha amayi ake. Mwana wachisena amayamba ndi zilankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi.

Malamulo oyendetsera dziko lino sabisa mawu pa nkhaniyi. Gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu, khungu, chilankhulo, dziko lochokera ndi ulumali, mwa zina. Gawo 25 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 26 limapatsa munthu ufulu wolankhula chilankhulo chimene wasankha.

Mmene zinayambira

Madzi atasefukira, sukuluyi inasanduka msasa. Mabanja ochokera m'midzi ya m'mphepete mwa Shire, ambiri olankhula Chisena, anagona m'makalasi masabata angapo. Msasa utatsekedwa, ena anabwerera kumabwinja, koma ambiri anapatsidwa malo kumtunda m'dera la a gulupu a mudzi wozungulira sukuluyo, omwe anthu awo ndi Amang'anja. Ana awo analembetsa pa sukulupo pakati pa chaka.

Akuluakulu a sukulu anachita chimene chinkaoneka chanzeru pa nthawiyo. M'malo mosokoneza makalasi amene anali atakhazikika kale, anatsegula magulu atsopano a "B" m'masitandade a m'munsi n'kuikamo ana onse obwera kumene. Zipinda zinali zitatha, ndiye magulu a B anakhala pansi pa mitengo, ndi bolodi loyedzamiritsa pa thunthu. Aphunzitsi okhazikika anatsala ndi magulu awo, a B anapatsidwa othandizira. Maganizo anali oti mlendo ndi mame, madzi akaphwa anthuwa abwerera kwawo. Sanabwerere. Chaka chatsopano chitayamba, magulu aja anangokwera mmene analiri, ndipo sukulu inapezeka ili ndi makalasi awiri pa sitandade iliyonse, ina ya eni mudzi m'chipinda, ina ya Asena padzuwa. Amene akudziwa kutentha kwa chigwa chino mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumafika madigiri 40, akudziwa kuti pofika 10 koloko pansi pa mtengo palibenso kuphunzira.

Kufufuza kwake

Nkhani inafika kwa mlangizi wa zoni, PEA, ngati dandaulo la kujomba ndi ndewu, osati la tsankho. Kafukufuku wake ndi wosafuna ndalama. Amafuna makaundula a makalasi, mapepala ndi masiku awiri.

Choyamba ndi kudziwa chilankhulo cha pakhomo cha mwana aliyense. Apa pali misampha iwiri. Musaweruze ndi dzina: maukwati anasakaniza maina kalekale, ndipo dzina lachipwitikizi silitanthauza kuti mwanayo ndi wa kutsidya. Musafunsenso kuti "ndiwe mtundu wanji?" Mwana amene wakhala akusekedwa adzayankha kuti ndi Mmang'anja kapena Mchewa, monga mmene akuluakulu ena achisena ankabisira mtundu wawo akapita kukagwira ntchito ku Blantyre. Funso logwira ntchito ndi lakuti, "Ukamacheza ndi agogo kunyumba mumalankhula chiyani?" Mufunseni payekha, osati pamaso pa anzake. Yankho lilembedwe pa pepala lapadera losungidwa ndi a hedi, osati m'kaundula.

Mukatero, werengani zinthu izi pa gulu lililonse la chilankhulo: angati ali m'chipinda ndi angati panja, angati akubwereza kalasi kapena anabwezedwa pofika, angati ali ndi buku la Chichewa ndi la Chingerezi m'manja, masiku ojomba, maina a m'buku la zilango, ndi maina a mamonita ndi mapulifekiti. Tsiku lachiwiri khalani kumbuyo kwa kalasi mphindi 30, muzilemba kamzere nthawi iliyonse mphunzitsi akaloza mwana, ndi kamzere kena ngati wamupatsa mpata womaliza yankho. Pomaliza kaimeni pa mzere wa phala kuyambira woyamba mpaka womaliza.

Pa sukuluyi zonse zinaloza mbali imodzi. Magulu a B anali pafupifupi achisena okhaokha. Mabuku anagawidwa chaka chisanafike pakati, obwera asanafike, ndipo awo anapita ndi madzi. Ambiri anabwezedwa sitandade imodzi kapena ziwiri chifukwa analibe kalata ya transifa, chonsecho sukulu imene ikanalemba kalatayo inali itakwiririka ndi mchenga. Kuwayesa kwake kunali kwa pakamwa, m'Chichewa, pamaso pa kalasi; mwana akachita chibwibwi, basi, watsika. Phala linkayambira ku magulu a A chifukwa ali pafupi ndi khitchini, ndiponso amayi ophika ndi nkhuni zimachokera m'midzi yakale. Mu komiti ya sukulu, m'bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi m'gulu la amayi munalibe ngakhale mmodzi wa kumudzi watsopano.

Kubweza kalasi kumeneku n'koopsa kuposa mmene kumaonekera. Mtsikana wa zaka 13 amene anali Sitandade 6 akamuika Sitandade 4 amakhala wamtali kuposa onse, amasekedwa, ndipo pakhomo pamene palibe chakudya nkhani ya banja imayamba kumveka, ngakhale lamulo limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Zimene zimachitika pakati pa Chisena ndi Chichewa

Apa tichedwepo, chifukwa ndi pamene aphunzitsi abwino amalakwira ana osadziwa. Chisena ndi Chichewa n'zapachibale. Madzi ndi madzi, nyumba ndi nyumba, mwana ndi mwana. Kufanana kumeneku n'kumene kumapusitsa. Mphunzitsi wochokera ku Dedza kapena ku Zomba amaganiza kuti mwanayo akulankhula Chichewa chophotchoka, osazindikira kuti akulankhula chilankhulo china molondola.

Chitsanzo chimene chinkabweretsa zilango kawirikawiri ndi kachidutswa ka "-na-". M'Chichewa "ndinalemba" ndi zakale. M'Chisena "-na-" amanena za tsopano kapena za mtsogolo. Ndiye mphunzitsi akuyendera makope, wafika pa mnyamata wa Sitandade 3, kope lili mbee. Akumufunsa, "Ntchito ija ili kuti iwe?" Mwana, maso pansi, akuti, "Ndinalemba, aphunzitsi." Mphunzitsi akutembenuza masamba, palibe kanthu. Kwa iye mwanayu wanama pamaso pake, ndipo akumutuma kukatola zinyalala. Mwanayo ankalonjeza kuti alemba. Dzina lake lalowa m'buku la zilango ngati wabodza, ndipo mawa sadzayankhanso chilichonse.

Zina zimaoneka polemba. Pamene Chichewa chili ndi "zi-", Chisena chili ndi "pi-": zinthu ndi pinthu, zonse ndi pyonsene. Kumva ndi kubva, kuphunzira ndi kupfundza, kunena ndi kulonga, ntchito ndi basa. Mwana akalemba "pinthu" sanalakwitse kalembedwe. Walemba bwinobwino zimene khutu lake limamva, ndipo zikusonyeza kuti malembo ndi maliwu wawagwira. Chimene akusowa ndi mawu a Chichewa, ndipo amenewo amaphunzitsika m'masabata ochepa. Koma cholembera chofiira chikadutsa chiganizo chonse, mphunzitsi amaika mwanayo m'gulu la osatha kuwerenga, n'kumubwezera ku a e i o u amene anawadziwa kale.

Pa masamu mwana wachisena ali ndi mwayi umene aphunzitsi ambiri sadziwa. Chichewa chikadutsa zisanu chimawonjezera: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Chisena chili ndi liwu lakelake pa nambala iliyonse, tanthatu, nomwe, sere, pfemba, mpaka khumi. Mwana amene amawerenga mbuzi za bambo ake choncho savutika kugwirizanitsa liwu limodzi ndi chizindikiro chimodzi cha 6, 7, 8 ndi 9, bola wina amulole kuyambira pamenepo.

Zimene zinachitidwa

Chinayamba ndi kuphwasula magulu a A ndi B. Maina onse a sitandade imodzi analembedwa pamodzi motsata alifabeti, anyamata paokha atsikana paokha, kenaka n'kugawa mosinthanitsa: woyamba uku, wachiwiri uko. Njirayi ndi yabwino chifukwa aliyense angathe kuiona ndi maso, palibe anganene kuti a hedi akondera. Poti zipinda sizinawonjezeke, magulu awiriwo amasinthana sabata ndi sabata, chipinda ndi mtengo, ndipo ndandanda yake inamatidwa pa chitseko cha ofesi. Aphunzitsi okhazikika ndi othandizira anagawana maphunziro m'malo mogawana magulu, kuti mwana aliyense azikumana ndi onse awiri. Mabuku anasonkhanitsidwa onse n'kuwerengedwanso. Pamene sanakwane, amakhala m'bokosi la kalasi, buku limodzi ana awiri kapena atatu, ndipo lopita nalo kunyumba limazungulira motsata kaundula.

Mmodzi yekha ndiye salowa m'kasinthasinthayu. Kafukufuku uja anapezanso mwana wachialubino atakhala m'gulu la padzuwa. Mwana wotere amakhala m'chipinda nthawi zonse, mzere wa kutsogolo koma osati pamene dzuwa la pa zenera likumenya, mphunzitsi azilemba zilembo zazikulu pa bolodi, ndipo chipewa ndi malaya a mikono yaitali zikhale mbali ya yunifomu yake popanda wofunsa. Mafuta oteteza khungu makolo akafunse ku chipatala cha boma, ndipo gulu la amayi likonze woyenda naye popita ndi pobwera.

Ana obwezedwa anaunikidwanso mmodzimmodzi. PEA analumikizana ndi mnzake wa zoni imene anachokera, chifukwa ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni, ndi kwa aphunzitsi akale kumapezeka zambiri ngakhale makaundula a sukulu atanyowa. Pamene panalibe cholembedwa, mawu a kholo ndi a mwana analandiridwa, mwana n'kuikidwa m'kalasi imene akunena kwa masabata 4 oyesera. Kuyesa kwake kunali kwa payekha: masamu olemba 10 a sitandade imene anamaliza, malangizo ake akufotokozedwa m'Chisena, ndi ndime yaifupi ya Chichewa yoti awerenge, mafunso ake ayankhe m'chilankhulo chimene akufuna. Chofunika ndi kudziwa ngati wamva, osati ngati akulankhula ngati wa ku Lilongwe. Ambiri anabwerera m'makalasi awo. Ena, makamaka aakulu, anali atasiya kale, ndipo gulu la amayi linawalondola khomo ndi khomo. Si onse anabwerera.

Pa chilankhulo, sukulu siingasinthe lamulo kapena mabuku, koma m'kalasi muli danga lokwanira. Aphunzitsi anakhala masana awiri ndi makolo atatu olankhula zilankhulo zonse ziwiri, n'kulemba tchati cha mawu pafupifupi 40 ogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, Chisena uku Chichewa uku, ndi ziganizo za malangizo ngati "tsegulani buku" ndi "lembani m'kope". Tchaticho chili m'kalasi iliyonse ya Sitandade 1 mpaka 4. Mphindi 5 zoyambirira za phunziro latsopano, ana amaloledwa kukambirana awiriawiri m'chilankhulo chilichonse asanayankhe. Kusiyana kwa "-na-" ndi kwa "pi-" ndi "zi-" kumaphunzitsidwa poyera kwa kalasi yonse ngati phunziro, Amang'anja nawo n'kuphunzirapo. Pochonga, liwu la Chisena limangodulidwa mzere kunsi, la Chichewa n'kulembedwa pamwamba pake, ndipo malikisi a ganizo amaperekedwa. Kuyambira Sitandade 5 kuchonga kumalimba pang'onopang'ono, chifukwa pa mayeso omaliza pulaimale a PSLCE a bungwe la MANEB pepala la Chichewa limafuna Chichewa cha m'buku, ndipo kubisira ana zimenezi kungakhale kuwapweteka kachiwiri. Chimene chinathetsedwa n'chilango cholankhula Chisena pa bwalo la sukulu.

Makolo, mafumu ndi komiti

Mbali yovuta kwambiri inali kunja kwa mpanda. Eni mudzi anali ndi madandaulo awo, ndipo anali oona. Sukulu anaimanga ndi iwo, njerwa anaumba okha, mchenga anatuta pamutu. Nthawi ya msasa zimbudzi zinadzaza, madesiki ena anathyoka, ana awo anataya masabata osaphunzira. Thandizo la ufa ndi mabulangete linkapita kwa a mumsasa, pamene iwonso mapira ndi chimanga chawo zinakokoloka. Amene angapite pa msonkhano kukadzudzula anthu otere kuti ndi atsankho adzabwerako yekha. Msonkhano woyamba unayamba ndi kuwerenga zoonongekazo chimodzichimodzi pamaso pa onse, ndipo zimbudzi zinaikidwa poyamba pa pulani ya chitukuko cha sukulu imene ndalama ya boma yotukulira sukulu, ya SIG, imatsata. Ntchito ya manja, kukumba, kutunga madzi ndi kututa mchenga, inagawidwa kwa midzi yonse, watsopano womwe, ndipo inalembedwa m'buku. Anthu a kumudzi watsopano ndi amene anapempha zimenezi, kuti mawu akuti sanaumbe njerwa athe.

Zinapezekanso kuti makolo achisena sankabwera ku misonkhano chifukwa uthenga sunkawafika. Sukulu inkatumiza kwa a gulupu, a gulupu kwa anyakwawa awo akale. Osamukawo anabwera ndi mfumu yawo, koma pa nthaka ya eni inalibe mpando, ndiye palibe ankaiuza. Kukonza kwake kunafuna ulemu: a hedi ndi wapampando wa komiti anapita kwa a gulupu kukapempha kuti uthenga wa sukulu uzipitanso kwa mfumu ya osamukawo, podzera mwa a gulupu omwewo. Kuwalambalala kukanayatsa moto wa nkhani ya malo, umene sukulu siingathe kuzimitsa.

Nthawi ya msonkhano nayo ndi nkhani. Mabanja osamuka sanasiye madimba awo kumadambo. Madzi akaphwa amatsika m'bandakucha kukalima chimanga, mbatata ndi nyemba, ena kukavuula nsomba, n'kubwera dzuwa litapendeka. Msonkhano wa 8 koloko m'mawa ndi wa anthu okhala pafupi okha. Unasunthidwira ku 3 koloko masana, ndi womasulira woimirira kutsogolo, osati wonong'oneza kumbuyo. Kujomba kwa ana m'miyezi ya dimba kunakambidwanso pomwepo, ndipo anagwirizana kuti ana a sukulu azitsala ndi wachibale kumtunda mkati mwa sabata.

Pali kanthu kena kamene aphunzitsi ochokera kumtunda amaphonya. Amang'anja amatsata kuchikazi, ndipo pa nkhani yaikulu ya mwana malume ali ndi mawu. Asena amalowola, ana ndi a kuchimuna. Mukafuna kubweza mtsikana wachisena ku sukulu n'kukambirana ndi amayi ake ndi malume okha, mwakamba ndi anthu amene sangamange mfundo. Pafunika bambo, kapena abale a bambo ngati iwo kulibe. Gulu la amayi litazindikira zimenezi, maulendo awo anayamba kubala zipatso.

Komiti ya sukulu sinathetsedwe, poti inasankhidwa motsata ndondomeko ndipo nthawi yake inali isanathe. M'malo mwake inaitana anthu awiri a kumudzi watsopano, bambo ndi mayi, kuti azikhala nawo pa zokambirana zonse kufikira chisankho china. Gulu la amayi linalandira atatu. Ndandanda yophika phala ndi yobweretsa nkhuni inaphatikiza mudzi watsopano, ndipo kalasi yoyamba kulandira imasintha tsiku ndi tsiku. Wogawa amayeza kapu imodzimodzi kuyambira woyamba, kuti womaliza asapeze mphika wopala.

Zimene zinavuta

Kusakaniza magulu kunachitika Lolemba makolo asanauzidwe, ndipo Lachitatu makolo a m'midzi yakale anali pa ofesi, atamva kuti ana awo atulutsidwa m'chipinda kuti mulowe obwera. Kasinthasintha wa sabata ndi sabata anabadwa pamenepo. Sukulu ina yofuna kuchita zomwezi iyambe ndi msonkhano, ndipo ndandanda ya zipinda ikhale itakonzedwa kale.

Tsiku la chikhalidwe limene linakonzedwa pofuna kugwirizanitsa anthu silinasinthe kanthu. Valimba inalira, utse unavinidwa, anthu anaombera m'manja, m'mawa mwake ana aja anali pansi pa mtengo womwewo, ndipo ena anapatsidwa maina achipongwe kuchokera ku nyimbo zomwezo. Magule ali ndi malo ake, koma abwere pambuyo pa mabuku ndi zipinda. Akatsogola amangopatsa akuluakulu chonena kuti tachitapo kanthu.

Kugwiritsa ntchito ana odziwa zilankhulo ziwiri ngati omasulira kunathandiza poyamba, kenaka kunayamba kuwadyera nthawi. Atsikana awiri kapena atatu omwewo ndi amene ankaitanidwa uku ndi uku, makope awo n'kumatsalira. Tsopano mwana amamasulira mnzake wa pambali pake yekha, ndipo awiriawiriwo amasinthidwa pakatha masabata awiri. Zofanana nazo zinagwera mphunzitsi wina wachisena amene zaka zonse sankalankhula chilankhulo chake pa sukulu. Atadziwika, mlandu uliwonse wa mwana wachisena unkatumizidwa kwa iye, ngati kuti anawo ndi ake yekha. A hedi analamula kuti mlandu uziweruzidwa ndi mphunzitsi wa kalasi, winayo azingothandiza pamene pavuta kumvana.

Choopsa kwambiri ndi pepala la zilankhulo lija. Mphekesera inamveka kuti sukulu ikulemba maina a anthu a ku Mozambique kuti achotsedwe pa mndandanda wa thandizo, ndipo ana ena anajomba masiku angapo ndi mantha. M'dera limene malire ndi mtsinje wowoloka pa bwato, ndipo banja limodzi lili ndi abale mbali zonse ziwiri, mphekesera yotere imathamanga. Pepalalo lisatuluke mu ofesi ya a hedi. Mukamaliza kuwerenga sungani manambala okha, maina muwotche. Makolo auzidwe pasadakhale chifukwa chimene mukufunsira. Ndipo si ntchito ya sukulu kufufuza ziphaso za makolo kapena kubweza mwana pa chipata chifukwa alibe chikalata cha kubadwa. Mwanayo alembedwe, makolo alozeredwe ku ofesi ya NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika.

Pamene nkhani ili tsopano

Magulu osakaniza akhazikika, ndewu za pa bwalo zachepa, ndipo m'buku la zilango maina sakupendekeranso mbali imodzi. Pakati pa mapulifekiti muli ana a midzi yonse. Kuloza ana m'kalasi ndiko kukusintha pang'onopang'ono: aphunzitsi ena akadathamangira dzanja la mwana woyankha msanga m'Chichewa chosalala, ndipo kudikira masekondi 10 kuti winayo asanje mawu kumawavuta m'kalasi yodzaza.

Zowerenga za Chisena m'kalasi kulibe, kupatula tchati chija ndi nthano zochepa zimene ana a Sitandade 6 alemba pamanja kuchokera kwa agogo awo. Mphunzitsi aliyense wofika kumene pa transifa amayenera kufotokozeredwa za "-na-" ndi za kachongedwe sabata yake yoyamba, apo ayi zakale zimabwerera m'kalasi mwake. Ntchitoyi yapatsidwa kwa wachiwiri kwa a hedi. Kafukufuku uja amabwerezedwa kawiri pa teremu, sabata yachitatu ndi yachikhumi, ndipo manambala ake amawerengedwa pa msonkhano wa komiti, PEA ali pomwepo. Chisankho cha komiti yatsopano chidzachitika masana, uthenga utadutsa kwa mafumu onse awiri, ndipo a gulupu avomera kuti kuvota kukhale kwa timapepala m'malo mokweza manja pamaso pa eni nthaka.